Mmene Ndinatsekera Lusiya Pakamwa

Ana anga, Lusiya, Beneditu ndi Marita, papita zaka chipumireni ntchito, ndipo manja ayamba kunjenjemera. Za ubwana wanga ku Tsangano, kuweta ng'ombe za atate m'kuzizira kwa kumapiri kuja, ndakhala ndikukusimbirani pakamwa. Za maphunziro a unamwino ku Tete mumazidziwanso. Gawo lino ndiyambira pa positu yanga yoyamba, kachipatala kakang'ono kakumudzi, ndipo muli nkhani imene sindinauzepo munthu, ngakhale malemu bambo anu. Iwe Lusiya, uyambe kuwerenga wekha usanapatse abale ako.

Ntengo-Wambalame, 1981 mpaka 1983

Ndinafika pa Ntengo-Wambalame nditakwera pamwamba pa lole imene inkapita kukanyamula mbatata. Ndinali ndi chikwama chimodzi ndi bata, chovala chathu choyera cha unamwino, imene ndinaisita kawiri ndisananyamuke. Positu yake inali nyumba ya zipinda ziwiri, china cha mankhwala, china chobereketsera. Sikelo ya ana tinkaipachika panja, pa nthambi ya mtengo wa pichesi. Shefi wanga, ndiye kuti wondiyang'anira, anali a Kalisitu, enfermeru kapena kuti namwino wachikulire, wachibwibwi, amene sankaseka wamba. Anandipatsa ntchito ya amayi ndi ana: kupima pa sikelo, kubaya katemera, ndi kulemba pa kartawu, kapepala kolimba kamene mayi aliyense amasungira mwana wake.

Sabata yoyamba yomweyo anandichititsa manyazi. Ndinali nditapima kamnyamata konenepa bwino, mayi ake n'kunyamuka. A Kalisitu anatulukira pakhomo.

"Enfermera, mwana uja wa-wanena chiyani?"

"Ali ndi miyezi isanu ndi itatu, shefi. Anganene chiyani? Sikelo yake ili bwino."

Anawaitananso mayi aja. Anatenga supuni, nakaima kumbuyo kwa mwanayo, n'kugogoda beseni. Ana ena onse pamzere anatembenuka. Iye yekha anangoyang'anabe kutsogolo. Titamuunika tinapeza makutu onse awiri ali ndi mafinya.

"Mwana wa msinkhu uwu amasokosa," anatero a Kalisitu. "Uyu wangoti duu. Inu mwayang'ana si-singano ya sikelo, mwana simunamuyang'ane."

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumvetsera ana. Ku Tete anatiphunzitsa za chikuku ndi kutsegula m'mimba, koma za pakamwa pa mwana palibe anatchulapo. Ndinaphunzirira pansi pa pichesi uja. Ndinaona kuti khanda la miyezi iwiri limayankha ukalilankhula: iwe unene, ilo liti aguu, likudikire, unenenso. Likafika pa kukhala pansi limayamba bababa ndi mamama, osatanthauza kanthu, ngakhale amayi amathamangira kunena kuti wawaitana. Chaka chikamakwana, chala chimayamba kuloza, ndipo mawu enieni amabwera kutsatira chalacho. Mawu ake amakhala odukaduka, madzi ndi dzi, ng'ombe ndi mbe, ndipo kwathu kuja, kumene makola anali ambiri, mwana ankatchula mbe galu, mbuzi ngakhale bulu. Ena ankafulumira, ena ankachedwa popanda vuto lililonse. Koma pofika zaka ziwiri ambiri ankalumikiza mawu awiri, ndipo zikatero umadziwa kuti chitseko chatseguka. Pa kartawu panalibe malo olembapo zimenezi, choncho ndinkangofunsa pakamwa kuti, "Wayamba kunena chiyani?" Amayi ankasangalala ndi funsoli kuposa la sikelo.

A Kalisitu anali ndi lamulo limodzi limene ankauza amayi mobwerezabwereza, lakuti mwana akalankhula muzimuyankha, ngakhale simunamve. Tsiku lina tikuphika majakisoni anandiuza kuti iwo ali mwana anthu ankawamalizira mawu, ena ankangochokapo asanamalize. "Mawu a mwana amakula ndi ku-kuyankhidwa," anatero. "Mukasiya kumuyankha, amasiya." Ndinasunga mawu amenewa, ndipo mudzaona mmene ndinawagwiritsira ntchito.

Chaka chachiwiri zinthu zinayamba kusowa. Palafini wa firiji anatha, katemera n'kuwonongeka. Makartawu atatha tinkadula mapepala a matumba a simenti. Singano tinkaziphika n'kuziphikanso mpaka kubuntha, kenaka n'kuzinola pamwala. Sopo tinkamudula tizidutswa ngati mankhwala. Za nkhondo tinkangomva kuti zili kummwera, kutali. M'nthawi imeneyi ndi pamene ndinakwatiwa ndi bambo anu, a Fulujensiyo, amene ankaphunzitsa pa sukulu yapafupi. Atawasamutsira ku Macanga, nanenso ndinapempha kusamuka. A Kalisitu anasaina pepala, kenaka anandipatsa supuni ija kuti ndipite nayo. Sindinawaonenso. Ndinadzamva patapita zaka kuti galimoto imene anakwera inaponda bomba pamsewu.

Chidzolomondo, 1984 mpaka 1985

Anatiika m'mudzi wina wa dera la Chidzolomondo, ku Macanga komweko, ulendo wa maola angapo wapansi kuchokera pamsewu. Kumeneko shefi ndinali ine, wosesa ndinali ine. Tinkakhala moyandikana ndi aNabanda, mayi wamasiye wolima chimanga ndi fodya, wamawu ochepa. Ndi iwo amene anandibereketsa iwe Lusiya, m'dzinja la 1984, pa bedi lomwelo limene ine ndinkabereketsapo anzanga.

Unali mwana wolongolola. Ana mazana anadutsa m'manja mwanga, koma wapakamwa ngati iwe sindinamuonepo. Usanakwanitse chaka unkati tata ukamva bambo ako akutsokomola panja. Nkhuku unkazikalipira. Popeza ndinalibe wondilerera, ndinkapita nawe ku positu kumbuyo, ndipo unkamva zonse za kumeneko. Unadziwa sikelo, unadziwa bata, ndipo unadziwa pika, mmene timatchulira jakisoni. Tsiku lina, usanakwanitse zaka ziwiri, ndikubaya mayi wina, unandiloza n'kunena kuti, "Amama pika!" Anali mawu ako oyamba kulumikiza. Anthu pamzere anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinanyadira kwambiri. Mlendo aliyense akabwera ndinkakuuza kuti, "Tawauza, amama amatani?" Iwe n'kufuula kuti, "Amama pika!" Ndinkakupatsa nthochi. Ndinakuphunzitsa ndekha kunena zimenezi kwa munthu aliyense wachilendo.

Kumapeto kwa 1985 bambo anu anaitanidwa ku Tete kukachita maphunziro a miyezi itatu. Anapita ndi kuluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Tsiku lonyamuka unawathamangira mpaka kumphambano ukufuula kuti, "Tata bwela!" Pambuyo pake msewu unatsekeka, ndipo miyezi itatu ija inasanduka zaka ziwiri ndi theka.

Chidzolomondo, 1986

Chaka chimenechi nkhondo inatipeza. Anthu a kutchire, omenyana ndi boma aja, ankati akalowa m'mudzi, choyamba ankafunsa za ogwira ntchito ya boma: mphunzitsi, mlembi, enfermera. Positu ya kutsidya kwa mtsinje inapsa, ndipo mnzanga amene ankagwira kumeneko anatengedwa, sanabwerere. Ine ndinakwirira bata yanga m'mphika pansi pa nkhokwe. Ndinasiya nsapato, ndinasiya kudzola, n'kuyamba kulima ndi aNabanda m'mawa uliwonse kuti manja achite zikang'a. Mudzi wonse unagwirizana kuti wina akafunsa, ine ndine mlamu wawo wa aNabanda, wochokera ku Tsangano. Odwala ndinkawaonabe, koma kuseri kwa nyumba.

Masana ena tikutonola chimanga, panadutsa munthu wogulitsa mchere, wosadziwika. Iwe unadzuka, kukamugwira thalauza, n'kundiloza: "Amama pika!" Munthu uja anaseka n'kupitirira. Palibe wina aliyense anaseka. Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, aNabanda anabwera ndi amayi ena awiri, n'kukhala pamphasa.

"Enfermera," anatero aNabanda, "ife takubisani, ndipo sitikudandaula. Koma mwana uyu atiphetsa."

"Ndi mwana, amayi. Sadziwa chimene akunena."

"Akadzabwera eni akewo sadzafunsa ngati akudziwa. Adzatenga inu, ndipo ife adzatidula makutu chifukwa chonama."

Mmodzi wa amayi aja anati abale ake akuwolokera ku Malawi sabata yamawa, akhoza kukutenga. Ndinakana. Unali ukuyamwabe, njira yake inali ya mabomba, ndipo anthuwo sindinkawadziwa. Winayo anati, "Si muli ndi mankhwala ogonetsa aja? Muzimumwetsa." Ndinali nako kabotolo kamodzi, koma ndinkadziwa kuti sungamwetse mwana tsiku lililonse podikira anthu amene sanena tsiku lobwera, ndiponso dontho limodzi lowonjezera likhoza kumugonetseratu. Ndinawapempha masiku kuti ndikapemphe kusamuka.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Furancungo, tauni ya dera lathu, iwe uli kumbuyo, kukaonana ndi mkulu wina amene ankatiyang'anira nthawi imeneyo. Dzina lake sindilemba. Ndinamupeza atakhala pa mpando wofewa, nsapato zikuwala. Ndinamufotokozera zonse, n'kupempha giya, chikalata cholola munthu kusamuka pamalo pake.

"Kamarada enfermera," anatero, mmene a boma ankatchulirana masiku amenewo, "mukufuna ndilembe chiyani pa giya imeneyi? Kuti mukuthawa mwana wa zaka ziwiri?"

"Lembani kuti moyo wanga uli pangozi, shefi."

"Moyo wa tonse uli pangozi. Aliyense akachoka, anthu aja awathandiza ndani? Mukachoka popanda giya ndinu wothawa ntchito, ndipo musadzabwerenso pakhomo pano. Mwana ndi wanu, mulangizeni."

Iyeyo ana ake anali atawatumiza kale ku Tete. Aliyense ankadziwa.

Apa ndinene zoona, chifukwa ndi pamene pali mlandu wanga. Ndikanatha kuwoloka nanu malire ngati mmene anachitira ambiri, ntchito n'kuisiya. Ndinaganiza zimenezi njira yonse yobwerera. Koma m'mudzimo munali amayi apakati amene ankadalira ine. Ndinkaopanso kuti bambo anu akadzabwera sadzatipeza. Ndipo china, chimene chimandichititsa manyazi, ndinkaikonda ntchitoyo. Ndinaivutikira, ine mwana wa woweta ng'ombe, ndipo sindinafune kukakhala pamzere wa ufa kudziko la eni ngati munthu wopanda dzina. Pofika pakhomo ndinali nditasankha. Ndinati ndikhala, ndipo mwanayu ndimutseka pakamwa.

Ndinayamba mofatsa. Ndinkati, "Nena kuti amama alima." Iwe unkayesa masewera, unkaseka n'kufuula kwambiri kuti, "Amama pika!" n'kutambasula dzanja kudikira nthochi. Tsiku lachitatu ndinakukhwatcha pamlomo ndi chala. Unadabwa kaye usanalire. Koma ndinazindikira msanga kuti kuletsa mawu amodzi sikukwanira. Unkadziwanso bata, sikelo, shefi, ndipo tsiku lililonse unkatola mawu ena. Mwana wa zaka ziwiri sangasiyanitse mawu oopsa ndi mawu abwino. Ndiye ndinaletsa onse. Ndinatenga chiphunzitso cha a Kalisitu n'kuchitembenuza. Ukati dzi, sindinkakupatsa madzi. Ukaloza mtsuko uli chete, ndinkakupatsa. Ukati amama, ndinkayang'ana kumbali. Ukalimbikira, chala pamlomo. Ndinasiya kukuimbira, ndinasiya kukutchulira mayina a zinthu. Ndinapempha anansi onse kuti asamakuyankhe, ndipo anamvera. Mlomo wako wammunsi unatupa. Masiku oyamba unkanditsatira pabwalo ukubwereza mawu onse amene unkawadziwa, amodziamodzi, ngati ukufunafuna amene ndiwalandire. Ine ndinkasinja, osatembenuka. Pasanathe mwezi unali utasiya. Unkangoloza.

ANabanda anandiuza tsiku lina tikuchokera kumunda kuti, "Enfermera, sitinanene kuti mufike pamenepa." Ndinawayankha kuti, "Nanga munkati ndifike pati?"

Anthu a kutchire aja anabwera chimanga chitangolowa m'nkhokwe, m'mawa dzuwa litatuluka kale. Anatizinga tisanathawe, n'kutisonkhanitsa pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi sukulu. Positu anaiyatsa ife tikuona, atatulutsamo zimene ankafuna. Mkulu wawo anali bambo wowonda, wa thaulo m'khosi, wolankhula motsitsa ngati wa kutchalitchi.

"Enfermera wa pano ndi uti?"

"Anathawira ku Furancungo mwezi watha," anayankha aNabanda.

"Odwala anu akuwathandiza ndani?"

"Mulungu, bambo."

Anayamba kuyenda pakati pathu, kuyang'ana manja ndi mapazi a akazi. Anga anawayang'ana n'kupitirira. Kenaka anabwerera. Iwe unali utaima pakati pa miyendo yanga. Ananjuta patsogolo pako, n'kutulutsa m'thumba jakisoni wagalasi amene anatenga ku positu, yemwe uja unkandiona naye tsiku ndi tsiku. Amenewo anali machenjerero awo, ankadziwa kuti akulu amanama koma ana sanama.

"Kamtsikana, ichi n'chiyani?" anafunsa akumwetulira. "Amagwira ndani ichi? Tandionetsa."

Unayang'ana jakisoniyo. Ndinamva thupi lako likudumpha pang'ono pamiyendo yanga, mmene unkachitira ukazindikira chinthu. Milomo yako inayamba kusuntha. Unakweza maso kundiyang'ana, kenaka unanyamula dzanja lako n'kudzitseka pakamwa wekha.

"Kodi salankhula?"

"Salankhula, bambo," ndinatero. "Anabadwa choncho."

Anakusisita m'mutu n'kudzuka. Anatenga anthu angapo kuti awanyamulire chimanga, ena anabwerera, ena ayi. Ine sanandikhudze. Atangopita ndinakunyamula n'kuthamangira nawe kuseri kwa nkhokwe. Ndinati, "Lusiya, zatha. Lankhula tsopano. Nena amama. Nena chilichonse." Unangondiyang'ana, dzanja lili pakamwa.

Furancungo, 1986 mpaka 1988

Positu itapsa panalibenso chokhalira. Ambiri anawolokera ku Malawi, aNabanda nawonso. Ine ndinafukula bata yanga n'kubwerera ku Furancungo. Mkulu wotiyang'anira uja atandiona anati, "Mwabwera popanda giya." Ndinati, "Positu yapsa, shefi." Anati, "Ndiye bwanji simunanene?" n'kundilembera pomwepo giya imene anandikaniza miyezi iwiri yapitayo. Sizinamutengere ndi mphindi imodzi yomwe.

Anandiika kuti ndizipima ana a anthu othawa kumidzi, amene anamanga misasa m'mphepete mwa tauni. Nakonso sikunali mtendere, kangapo tinathawira kumapiri n'kubwerera. Mankhwala kunalibe, nthawi zina ngakhale mchere wosungunulira ana otsegula m'mimba. Koma chimene chinandiopsa chinali bata la pamzere wa sikelo. Ku Ntengo-Wambalame mzere wa ana unkamveka uli kumsika. Kuno kunali zii. Ana a zaka zitatu, zinayi, ankangotong'ola maso. Ndinkagogoda supuni kumbuyo kwawo, ankadzidzimuka, ena kudziponya pansi. Makutu anali abwino. Ndikafunsa kuti wayamba kunena chiyani, amayi ankayang'ana pansi. Mmodzi anandiuza kuti anakhala m'phanga miyezi yambiri, mwana akangoti ayambe kusokosa, bere kukamwa, kapena nsalu. Ndinadziwa kuti sindinali ndekha, koma zimenezo sizinanditonthoze. Iwo anachita mwamantha, osadziwa zotsatira zake. Ine ndinkadziwa.

Ndinalemba za ana amenewa pansi pa lipoti langa la mwezi, kupempha kuti atilole kumasonkhanitsa amayi, tiziwalimbikitsa kulankhula ndi kuimbira ana awo. Mkulu uja anakhwatcha ndi cholembera chofiira. "Pepala ili likufuna kulemera ndi katemera," anatero. "Ana osalankhula safa." Tsiku lina anakuona utakhala pakhonde, anakufunsa dzina, sunayankhe. Anatenga kartawu yako n'kulembapo m'Chipwitikizi kuti wogontha ndi wosalankhula. Ndinamuuza kuti umamva bwinobwino. Anati, "Amayi onse amatero."

Ndinayesa zonse zimene ndinkadziwa. Ndinkakutchulira chilichonse chimene tagwira. Ndinkakuimbira. Ndinkabisa chakudya kuti mwina upempha, koma unkangokhala ndi njala. Ndikayandikitsa nkhope yanga kwa iwe, unkatsinzina.

Bambo anu anafika mu 1988, atawonda, ali ndi kathumba ka masiwiti amene anasunga njira yonse. Anagwada pabwalo n'kutambasula manja. "Lusiya! Ndine tata. Wandiiwala?" Unapita kwa iwo, unawagwira ndevu, osanena kanthu. Anandiyang'ana.

"Mayi a Lusiya, mwanayu watani? Si uja ankatisowetsa mtendere?"

"Anadwala malungo aakulu," ndinatero. "Anakomoka masiku awiri. Chidzukireni salankhula."

Anandikhulupirira, chifukwa ndinali enfermera. Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndavutika ndekha. Bodza limeneli ndi limene nonse mwakula nalo, ndipo bambo anu apita nalo kumanda. Sanali malungo, Lusiya. Ndinali ine.

Patapita miyezi ingapo, masana ena ndikuchokera kuntchito, ndinamva mawu a mwana kuseri kwa mpanda wosambira. Anali mawu osasa, otsika, amene sindinawazindikire. Ndinasuzumira pamng'alu. Unali iwe, wekha, utabereka chitsononkho kumbuyo ngati mwana. Unachitsitsa, n'kuchikhazika pamwala, n'kuchiloza ndi chala. "Khala chete iwe," unatero. "Ukalankhulanso ndikumenya pakamwa." Mawu athunthu, osaphonya ngakhale pamodzi. Zaka ziwiri zonsezo mawu ankakula m'kati mwako, ife osadziwa. Ndinakhala pansi pomwepo, m'matope a madzi osamba, ndili mu bata yanga. Nditadzuka kuti ndilowe, unandimva, ndipo unasiya.

Furancungo, 1989 mpaka 1992

Unayamba kulankhula ndi ana anzako, kenaka ndi bambo ako, kenaka ndi anansi. Bambo ako anakapereka nkhuku kutchalitchi pothokoza. Ndi ine wekha sunkalankhula. Ukafuna kanthu kwa ine unkaloza, kapena kuuza bambo ako kuti, "Muwauze amama." Iwo ankati ndi manyazi chabe, zitha.

Beneditu atabadwa ndinaona china. Tsiku limene anayamba bababa ali pamiyendo panga, unasiya mbale zimene unkatsuka, unabwera n'kumulanda, n'kupita naye kuseri kwa nyumba. Unali ndi zaka zisanu, mwanayo ankakulemera, miyendo yake ikukwakwa pansi. Unkachita zimenezi nthawi zonse akayamba kusokosa ine ndili pafupi. Iwe Beneditu, amene anakuphunzitsa kulankhula ndi mlongo wakoyu, kuseri kwa nyumba. Ine, amene ndinkalangiza amayi a tauni yonse, mwana wanga ndinkamumvera patali.

Nkhondo inatha mu 1992. Anthu anavina m'misewu, ndipo mkulu uja anakwezedwa n'kupita kumzinda. Chakumapeto kwa chaka chimenecho, masana ena, ndinali kuchapa pabwalo. Unabwera kuchokera kusukulu, unaika makope pakhonde, n'kuima patali pang'ono.

"Amama."

Sindinatembenuke msanga, ndinkayesa ndi mwana wa anansi.

"Amama, ndingalankhule?"

Unkayang'ana manja anga. Ndinawamiza onse awiri m'beseni mpaka m'zigongono.

"Lankhula, mwanangu."

"Aphunzitsi akuti mubwere kusukulu mawa. Akuti inuyo, osati atata."

"Chabwino. Ndibwera."

Unaimabe pang'ono, ngati ukudikira kuti chichitike china. Kenaka unalowa m'nyumba. Unali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo aka kanali koyamba kundilankhula chichokere ku Chidzolomondo.

M'mawa mwake ndinapita. Mphunzitsi wako anali mayi wachitsikana, wobwera kumene kuchokera ku Tete. Anandipatsa mpando, iwe n'kukusiya panja.

"Mayi enfermera, ndakuitanani chifukwa bambo ake ndinawauza kawiri, amangoseka. Mwana wanuyu ndi wanzeru, koma ndi wolongolola. Sapuma. Akusokoneza kalasi yonse. Mukamulangize kuti azikhala chete. Ana amamvera amayi awo."

Ndinayang'ana kukhomo kumene anakusiya.

"Aphunzitsi," ndinatero, "musintheni malo, muikeni kutsogolo, mupatseni ntchito yambiri. Koma mawu amenewo ine sindikamuuza. Ndipo pamlomo pake musadzamukhudze."

Anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti makolo a masiku ano akuwononga ana. Ndinavomera n'kutuluka.

Unandiperekeza mpaka pachipata cha sukulu. Titafika pachipata unaima, n'kufunsa motsitsa kwambiri moti ndinachita kuwerama.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ukuchita bwino," ndinatero. "Akuti upitirize."